Phala la ku Msasa

Lachiwiri, 7 Meyi

Andigoneka. Bedi langa lili pafupi ndi zenera, mu wodi ya amayi, m'dziko la eni. Ndayamba kulemba chifukwa mwana wanga wanena pafoni kuti ndizisunga zonse zimene adokotala akunena, poti ine mutu wanga ndi dengu lobooka. Kope ndi cholembera andigulira ndi Mayi busa.

Ndinabwera kuno ndi gulu la mpingo wathu kudzathandiza anthu amene madzi osefukira anawagwetsera nyumba. Tilipo ochepa: Abusa, Mayi busa, dalaivala, abale ogawa matumba a ufa, ndi ine wophika. Kwathu ndine wa miphika ikuluikulu pa misonkhano ya mpingo, ndiye atafunsa woti akaphikire ana phala ku msasa, zala zonse zinaloza ine. Anzanga amagona ku nyumba ya alendo m'tauni. Ine ndinasankha kugona ku msasa komweko, m'tenti ya kuseri kwa khitchini, kuti moto ndizikoleza molawirira. Ana a kumeneko amanditchula dzina lina m'chinenero chawo, akuti limatanthauza Mayi Phala.

Ndakhala ndikusanza kuyambira sabata yatha. Kumanja pansi pa nthiti kukupweteka ngati wina waikapo mwala. Andiyeza malungo, sanapezeke. Atenga magazi, andiika diripi ya madzi a shuga.

Lachitatu, 8 Meyi

Namwino wamkulu ndi mayi wosaseka, woyenda ngati akuguba. Ndamupatsa dzina loti Msilikali. Lero wandibweretsera kagalasi kuti ndidzione. Ndangoti kakasi. Maso anga ndi achikasu ngati a mphaka. Mkodzo ukuoneka ngati tiyi wopanda mkaka.

Dokotala ndi wamtali mpaka amawerama polowa pakhomo. Timamvana m'Chingerezi, changa chothyokathyoka, chake chothamanga. Akuti vuto ndi chiwindi. Wandifunsa ngati ndimamwa mowa, ndamuyang'ana mpaka wapepesa. Wafunsanso za mankhwala azitsamba, ndakana. Wandiletsa zamafuta ndi mapiritsi onse opha ululu amene ndinali nawo m'chikwama.

Abambo akunyumba aimba. Akuti ndinapita kukagawa chakudya, ndakagawiridwa bedi. Aseka okha.

Kumanzere kwanga kuli gogo wothyoka mwendo. Amandiyankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo ngakhale akudziwa kuti sindimva kanthu. Uyu ndi Wailesi.

Lachinayi, 9 Meyi

Zotsatira za magazi zabwera. Tizilombo timene timadwalitsa chiwindi sitinapezeke, tonse. Dokotala wakanda mutu. Andijambula m'mimba ndi makina aja opaka mafuta ozizira, chiwindi chatupa. Potsuka mano nkhama zinatuluka magazi, ndiye andibaya jakisoni wa vitamini wothandiza magazi kuundana.

Masana abweretsa wodwala watsopano pa bedi la kumanja. Atamutembenuza ndinadzidzimuka, ndimamudziwa. Ndi mayi wa ku msasa amene amanditungira madzi m'mawa uliwonse ndi ndowa yake yobiriwira, osapempha kanthu. Ndimamutchula Mayi wa Ndowa. Maso ake ali chimodzimodzi anga. Wandizindikira, wamwetulira movutikira, wanena dzina langa la ku msasa lija. Kenako waloza kukhoma, waika dzanja m'munsi kusonyeza msinkhu wa mwana. Msilikali wandiuza kuti mwana wake wamkazi amugoneka ku wodi ya ana, kuseri kwa khoma limenelo.

Ndikuganiza kuti ndi madzi a pachitsime cha ku msasa. Ndinkawanena ine madzi aja.

Lachisanu, 10 Meyi

Abweranso ena a ku msasa. Mabedi atha, ena awayalira pansi m'khonde. Akuti ku wodi ya abambo nakonso alipo, koma kwadzaza kwambiri ndi kwa ana. Nkhope zambiri ndikuzidziwa.

Dokotala wayenda bedi ndi bedi ndi womasulira wathu, mphunzitsi wa kuno amene amatithandiza ku msasa. Amafunsa aliyense zimene wakhala akudya ndi kumwa. Atafika pa ine anafunsa ngati anzanga a mumpingo akudwala. Ndinati ayi, onse ali gwa. Anafunsa kumene amadya, ndinati ku nyumba ya alendo. Nanga ine? Ndinati m'mawa ndimadya phala la mumphika wa ana, madzulo ndimaphika ufa womwewo umene timagawa, chifukwa sindingadye zina pamaso pa anthu anjala.

Anasiya kulemba. Anakhala pansi m'mphepete mwa bedi langa, chinthu chimene sanachitepo. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti chimanga chikanyowa n'kusungidwa chimachita chuku, ndipo chuku chimenecho chimasiya poizoni amene moto supha, dzuwa silipha, chigayo sichichotsa. Amapita molunjika kuchiwindi, ndipo amene amawagwetsa msanga ndi ana.

Ndinamutsutsa. Ndinati chimanga chija anatumiza ndi Akhristu a kutali amene anadzimana okha, matumba ake ali ndi mtanda, tinachipempherera. Sanakangane nane. Anangoti watuma munthu ku msasa kukatapa ufa pang'ono kuti akauyeze mumzinda waukulu, ndipo zotsatira zitenga masiku.

Sindingapitirize.

Loweruka, 11 Meyi

Miyendo yatupa, ndikadina chala dzenje limatsala. Amandiyeza mimba ndi tepi ngati telala. Andipatsa mankhwala otsekemera otsegula m'mimba, akuti amachotsa zoipa zisanakwere kumutu. Msilikali wandifunsa kuti lero ndi tsiku lanji, ndalakwitsa. Tulo tokhatokha.

Lamulungu, 12 Meyi

Mayi busa abwera atatuluka mapemphero, atanyamula nthochi ndi madzi a m'botolo. Anakoka nsalu yotchinga bedi, anakhala pansi osavula chikwama. Ndinawauza zimene dokotala akukayikira. Ndinkayembekeza kuti adabwa. Sanadabwe. Anayamba kulira mopanda mawu, misozi ikugwera pa nthochi.

Anandiuza kuti iwo ndi Abusa atatsogola kuno, ine ndisanafike, mphepo inasasula denga la nyumba yosungiramo katundu ndipo mvula inalowa. Matumba a pamwamba ananyowa, a pansi anakhala m'madzi. Powatsegula, chimanga china chinali chitada, china chobiriwirira, chikununkha. Anthu anali atadzaza pageti, amayi akukweza makanda m'mwamba kuti Abusa awaone. Abusa analamula kuti achiyanike padzuwa, achipete, chodetsetsa atayepo, chotsalacho achigayitse. Ankakhulupirira kuti dzuwa lachiyeretsa. Chifukwa chake ife tinkagawa ufa osati chimanga.

Ndinawafunsa ngati ndi chifukwa chake iwo sanalawepo phala langa ngakhale tsiku limodzi. Anati ayi, Mulungu ndi mboni, iwo phala sakonda chikhalire. Ndikufuna kuwakhulupirira.

Kenako ananena chimene chandiumitsa thupi. Ufa wotsala, wodzaza lole, upita Lachiwiri ku msasa wina wa kutsidya kwa mtsinje.

Anandigwira dzanja lopanda diripi. "Akulu anga, dikirani kaye zotsatira. Mukanena tsopano, amuna anga awamanga m'dziko la eni."

Sindinawalonjeze kanthu. Nthochi ndapatsa Wailesi.

Lolemba, 13 Meyi

Abusa abwera okha m'mawa. Aonda, kolala ikuwazungulira m'khosi. Munthu ameneyu anabatiza ana anga, anaika maliro a mayi anga, anagulitsa galimoto yake kuti ulendo uno utheke. Sindinadziwe poyambira, ndiye ndinangowauza kuti ndamva za denga.

Sanakane. Anati kutsidya kuja anafikako sabata yatha, anthu akudya mizu ya udzu, ndipo anaika m'manda makanda iwo akuona. Anati si matumba onse amene ananyowa, dokotala akungoganiza, ndipo madzi a pachitsime aja nawonso angathe kudwalitsa chiwindi.

"Mayi, ndiwasiye afe ndi njala imene ndaiona ndi maso, chifukwa cha poizoni amene palibe wamuona?"

Ndinawauza kuti ayang'ane maso anga, kenako ayang'ane bedi la kumanja. Mayi wa Ndowa anali akuwaweyulira dzanja, kukondwa kuti Abusa abwera kudzationa. Anamuweyulira nawonso, dzanja likulemera.

Ndinawauza poyera kuti dokotala akabwera ndimuuza zonse. Anati tipemphere. Anapemphera nthawi yaitali. Ine maso anali otsegula, koyamba chibatizidwire changa.

Dokotala anabwera iwo atangotuluka. Ndinamuuza za denga, za kuyanika, za lole ya mawa. Sanamalize n'komwe kuona odwala ena, anatuluka akuthamanga foni ili kukhutu.

Magazi atenganso. Diripi asinthira dzanja lamanzere, lamanja mitsempha yatha.

Lachiwiri, 14 Meyi

Womasulira wabwera ndi nkhani. Lole sinadikire Lachiwiri. Inanyamuka dzulo m'mawa, akuti poopa kuti mvula itseka msewu. Pamene Abusa ankapemphera pa bedi langa, inali kale panjira.

Ndamufunsa kawiri, kuganiza kuti Chingerezi changa chandinamiza.

A zaumoyo anaipeza kutsidya itatsitsa kale matumba ambiri. Otsalawo awalanda. Ayenda m'misasa yonse iwiri ndi chokuzira mawu kuuza anthu kuti abweze ufa. Womasulira akuti anthu anangomva galimoto ikubwera, matumba onse anasowa. Ena awakwirira pansi pa mphasa, ena awapachika m'mitengo, ena agonekapo odwala. Akuti boma likufuna kuwalanda chakudya cha tchalitchi kuti likagulitse.

Abusa awatenga apolisi kukawafunsa mafunso. Mayi busa sakuyankha foni.

Lachitatu, 15 Meyi

Zotsatira zabwera. Ndi ufa. Dokotala akuti poizoni wake ndi wochuluka moti oyezawo anabwereza, kuganiza kuti makina alakwitsa.

Nthawi ya alendo masana kunabwera mwamuna wa Mayi wa Ndowa, munthu wamfupi, wofatsa, nsapato zosiyana. Wayenda wapansi kuchokera ku msasa. Anakhala pa bedi la mkazi wake, anamasula kansalu, anatsegula bakuli. Fungo linandipeza ndisanaone. Ndimalidziwa fungo limenelo, kafungo ka m'nyumba yotsekedwa, kamene ine ndinkati ndi mmene chimanga cha kunja chimanunkhira. Linali phala la ufa wathu. Anatapa ndi supuni, anauzira, n'kupititsa kukamwa kwa mkazi wake.

Sindikudziwa mmene ndinatsikira pa bedi. Ndinangoona bakuli likugubuduka pansi, phala lili mbwee pa simenti, diripi yazuka, magazi akutsika m'dzanja langa. Ndinkakuwa m'chinenero chathu, palibe amene ankamva. Bamboyo anaimirira, anakweza dzanja. Msilikali anafika pakati pathu ngati wagwa kudenga, anamukankhira kumbuyo, ine anandikhazika pa bedi n'kufinya bala.

Womasulira anali ku wodi ya ana, anamuitana. Anaima pakati pa wodi n'kufotokoza zonse mokweza, za ufa, za mvula, za chiwindi. Mayi wa Ndowa anamufunsa funso limodzi lalifupi, iye anayankha ndi mutu. Ndinapempha kuti andiuze. Anati wafunsa ngati phala la ana nalonso linali la ufa womwewo.

Mayiyo anandiyang'ana nthawi yaitali, maso achikasu pa maso achikasu. Kenako anatembenukira kukhoma.

Chimene sindidzaiwala ndi ichi. Aliyense akuyang'ana womasulira, bambo uja anali atagwada pansi, akuwola phala lija ndi manja kubwezera m'bakuli. Anamva zonse. Msilikali anachita kumulanda.

Lachinayi, 16 Meyi

Diripi aika kuphazi. Kusanza kwaleka. Dokotala akuti magazi anga ayamba kusonyeza kuti chiwindi chikulimbana. Wanena ngati nkhani yabwino.

Mayi wa Ndowa sanatembenuke tsiku lonse. Amangodzuka kupita kwa mwana, atagwira khoma, n'kubwerera.

Mwana wanga waimba, akuti akuluakulu a mpingo kwathu akukonza zoti ndibwerere ndikangotuluka. Akuti ndisayankhule ndi atolankhani. Ndamufunsa ngati mdzukulu wanga wadya. Wati wadya phala. Ndadula foni.

Lachisanu, 17 Meyi

Mwana wa Mayi wa Ndowa wamwalira m'mawa, nthawi yogawa mankhwala. Anabwera kudzanena ndi namwino wa ku wodi ya ana. Mayi ake sanakuwe. Anatsika pa bedi, anakhala pansi pa simenti, miyendo atatambasula, n'kumasisita bondo lake ngati akugoneka khanda. Wailesi anayamba nyimbo ndi mawu ake osasa, amayi ena anayankha.

Ine ndimadziwa nyimbo zamaliro zambirimbiri. Pakamwa panakana kutseguka.

Masana Mayi wa Ndowa wachoka ndi mwamuna wake kukaika maliro. Dokotala anamuletsa, sanamvere. Podutsa pa bedi langa sanayang'ane.

Loweruka, 18 Meyi

Akuti amwaliranso ana ena, ndi bambo mmodzi. Sindinafunse kuti angati.

Lolemba, 20 Meyi

Kutupa kwa miyendo kwatsika. Achotsa diripi, tsopano ndi mankhwala akumwa okha. Ndayenda mpaka kumapeto kwa khonde ndi kubwerera, Msilikali akundiperekeza ngati mkaidi.

Mayi busa abwera. Anaima pakhomo la wodi, sanalowe mpaka ndinawakodola. Abusa awatulutsa koma awalanda pasipoti, mlandu ukubwera. Akuti sakudya, amangokhala pampando kuyang'ana manja awo. Akuti iwo eni anauza apolisi zonse asanafunsidwe n'komwe. Ndinafunsa za lole, chifukwa chake Abusa sanandiuze kuti inali itapita kale. Mayi busa anati nawonso anawafunsa zomwezo, yankho silinabwere.

Pochoka anandikonzera pilo.

Lachiwiri, 21 Meyi

Odwala atsopano akubwerabe, tsopano ochokera kutsidya. Anthu akudyabe ufa uja mobisa. A zaumoyo apeza mpunga ndi nyemba zoti asinthanitse, koma ndi zochepa, ndipo anthu akuti thumba lili m'manja liposa lonjezo la boma.

Dokotala wandipempha chinthu. Akuti iye akalankhula amamva ngati boma, apolisi akalankhula ndiye basi. Koma ine amandidziwa, anandiona ndikudya nawo mumphika umodzi. Wafunsa ngati ndingapite nawo ku msasa mawa, kwa maola ochepa, pa njinga ya odwala. Sanandibisire kuti mwina anthu andigenda.

Abambo akunyumba akana. Akuti ndinapita ndi miyendo iwiri, ndibwere ndi miyendo iwiri. Ndawauza kuti mphika unali wanga. Apuma mwamphamvu, kenako ati ndivale juzi.

Lachitatu, 22 Meyi

Ndabwerako. Ndilemba pang'onopang'ono.

Anandikhazika pabwalo la kutsogolo kwa khitchini. Miphika yanga ili pomwe ndinaisiya, yovundikira, mafuwa ozizira. Anthu anabwera ambiri koma anaima patali. Ana amene ankandithamangira anagwidwa m'mapewa ndi amayi awo.

Ndinalankhula, womasulira akutembenuza. Sindinalalikire. Ndinati ine ndi amene ndinkaphika, ndinadya nawo, ndipo onani chimene ufa uja wandichita. Ndinatsegula maso ndi zala kuti aone chikasu, ndinaonetsa mabala a diripi. Ndinati amene akundikwiyira ali ndi chifukwa, koma ufawo atulutse.

Palibe anasuntha. Bambo wina anafunsa mokalipa kuti mpunga ukatha adzadya chiyani, ndipo tchalitchi chidzabweranso kapena chathawa. Ndinati sindikudziwa. Anthu anang'ung'udza. Wina anaponya chibuluma cha dothi, chinagwera pa gudumu la njinga.

Kenako ndinamva chinthu chikukhwekhwereza pansi. Anali Mayi wa Ndowa, atavala zakuda, akukoka thumba la theka ndi manja onse awiri, akupuma pa sitepe iliyonse. Mtanda wa pathumbalo unali utadetsedwa ndi dothi la kumene analikwirira. Mwamuna wake ankabwera pambuyo osamuthandiza, osamuletsa. Analikoka mpaka pamapazi anga n'kulisiya. Atatero, amayi ena anayamba kubalalika mmodzimmodzi kupita kumatenti, n'kubwera ndi awo. Si onse. Dokotala akuti mwina theka.

Mayi wa Ndowa sanachoke. Anaima pafupi kwambiri moti ndinkamva kupuma kwake. Analankhula motsitsa, akuyang'ana miphika osati ine. Womasulira anazengereza, ndinamuuza kuti anene momwe zilili.

"Akuti mwana wake ankakukondani kuposa onse a tchalitchi. Akuti akabweretsanso mbale yake kachiwiri, ena ankamuthamangitsa, koma inu munkamuwonjezera."

Ndinamukumbukira nthawi yomweyo. Kamtsikana kochoka mano akutsogolo, kambale kofiira, kankabisala kumbuyo kwa mzere n'kubweranso ngati sikanalandire. Ndinkachita ngati sindinakazindikire, n'kukadzazira chipande chonse.

Mayiyo anatembenuka n'kumapita. M'galimoto pobwerera ndinafunsa womasulira ngati mawu aja anali ondithokoza kapena onditemberera, poti iye chinenerocho ndi chake.

"Sindikudziwa, mayi," anatero. "Ndamvetsera bwinobwino. Sindikudziwa."

Msilikali wandiyeza kuthamanga kwa magazi, akuti kwakwera. Wandifunditsa bulangeti mpaka m'khosi, ndipo dzanja lake lakhalitsa pamphumi panga kuposa mmene ntchito imafunira.